Utsi Wonunkhira Mango: Zimene Vape Imachita M'thupi la Wachinyamata

Mwana wa sekondale akamupeza ndi vape m'thumba la yunifolomu, yankho amakhala nalo kale pakamwa: "Si fodya uyu, ndi nthunzi chabe." Makolo ndi aphunzitsi ambiri amasowa pomugwira. Kanthuko sikanunkha fodya, kamanunkhira mango kapena chingamu. Sikafuna machesi, sikasiya phulusa, sikadetsa zala, ndipo kakagona patebulo pakati pa zolembera munthu akhoza kukadutsa osakazindikira. Mbali imodzi mwanayo akunena zoona, chifukwa mkatimo mulibe tsamba la fodya ndipo palibe chimene chikuyaka. Bodza lili pa nthunzipo, ngakhale mwiniwakeyo sakudziwa kuti akunama.

Mukaiphwasula vape mupezamo batire laling'ono la lithium, kawaya kopiringiza, kathonje ndi madzi onanda. Munthu akakoka, batire limatenthetsa kawayako, kawaya kamaphika madzi amene alowerera m'thonje, ndiye pamatuluka chifunga cha timadontho ting'onoting'ono timene timalowa mpaka pansi pa mapapo. Madziwo si akumwa ayi. Gawo lalikulu ndi mankhwala awiri, propylene glycol ndi glycerine, ndipo m'menemo amasungunuliramo zonunkhiritsa ndi nikotini, chikonga chomwe chija cha mu fodya.

Amene anapanga vape ya masiku ano ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China, mu 2003. Iye ankasuta kwambiri, bambo ake anamwalira ndi khansa ya m'mapapo, ndipo ankafuna njira yosiyira ndudu. Mavape oyambirira anali ndi vuto limodzi kwa ogulitsa: nikotini wamba akachuluka amakanda pakhosi ndi kutsokomoletsa, choncho sankatha kuikamo wambiri. Aliyense amene anayesapo ndudu ali mnyamata akukumbukira kutsokomola ndi misozi ya tsiku loyamba. Kuwawa kumeneko kunkabweza ana ambiri asanazolowere.

Zinthu zinasintha mu 2015 pamene ku San Francisco, ku America, kunatuluka vape yotchedwa Juul. Opanga ake anasakaniza nikotini ndi benzoic acid, ndipo msakanizo umenewu umatsika pakhosi mosalala ngakhale mphamvu yake ikhale yochuluka bwanji. M'mililita imodzi ya madzi awo munali mamiligalamu 59 a nikotini, pamene malamulo a ku Britain ndi ku Ulaya salola kupitirira 20. Kampaniyo inkanena yokha kuti kabotolo kamodzi, kochepa kuposa chala, kali ndi nikotini wofanana ndi paketi yonse ya ndudu 20. Anawonjezera fungo la mango ndi la timbewu tonunkhira, n'kudzaza Instagram ndi zithunzi za achinyamata ovala bwino akusangalala. Zotsatira zake zinabwera mofulumira. Mu 2017, ophunzira a sekondale pafupifupi 12 pa 100 alionse ku America ankakoka vape. Mu 2018 anafika pa 21, ndipo mu 2019 anaposa 27. Mu December 2018 dokotala wamkulu wa boma la dzikolo, Jerome Adams, analengeza kuti uwu ndi mliri. Mu 2022 kampaniyo inavomera kulipira madola 438.5 miliyoni ku maboma a zigawo zoposa 30 za dzikolo pa nkhani yotsatsa malonda kwa ana, ngakhale sinavomere kuti inalakwa.

Malonda a Juul anagwa, koma nzeru yake inatsala. Mavape otaya akatha amene adzaza misika masiku ano, monga Elf Bar ndi Lost Mary, ambiri opangidwa mumzinda wa Shenzhen ku China, amagwiritsa ntchito nikotini wosalala yemweyo. Bungwe la WHO linanena mu 2025 kuti ana osachepera 15 miliyoni a zaka 13 mpaka 15 padziko lonse amakoka vape.

Ubongo umene sunathe kumangidwa

Anthu akamakamba za kuopsa kwa vape amathamangira ku mapapo. Ine ndikuona kuti vuto lalikulu, limenenso lili ndi umboni wokwanira, lili kumutu.

Nikotini akalowa m'mapapo amadutsa m'magazi n'kufika ku ubongo pasanathe masekondi 20. Kumeneko amakamatirira pa timalo timene mwachibadwa timalandira acetylcholine, mankhwala amene ubongo umadzipangira wokha potumiza mauthenga okhudza kutchera khutu, kuphunzira ndi kukumbukira. Akamatirira, ubongo umatulutsa dopamine, amene amamupatsa munthu kukoma kwa kanthawi ndi kumuuza kuti zimene wachitazi azichitenso. Zikabwerezedwa tsiku ndi tsiku, ubongo umachulukitsa timalo tija pofuna kuzolowera mlendoyu. Koma nikotini sakhalitsa m'magazi. Pakangotha maola awiri, theka lake limakhala litachoka, timalo tambirimbiri tija timatsala topanda kanthu, ndipo chibaba chimayamba: kusakhazikika, kupsa mtima msanga, maganizo osagwira chinthu chimodzi.

Zimenezi zimachitika kwa munthu wa msinkhu uliwonse. Chosiyana kwa wachinyamata n'chakuti ubongo wake ukadali kumangidwa. Mbali ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imathandiza munthu kudziletsa, kuyeza zotsatira za zochita zake ndi kuika maganizo pa ntchito imodzi, imatha kukhwima cha m'ma zaka 25. Pa msinkhu wa Fomu 2 kapena Fomu 3, njira za mu ubongo zimene zikugwira ntchito kawirikawiri zimalimbitsidwa, zosagwira ntchito zimadulidwa. Nkhuku ikaponda pa simenti yosauma mapazi ake amakhala pomwepo mpaka kalekale, pamene ikaponda pa youma palibe chimatsala. N'chifukwa chake ku America anapeza kuti mwa akuluakulu 10 alionse amene amasuta tsiku lililonse, pafupifupi 9 anayamba asanapitirire zaka 18. Pa makoswe, asayansi anaona kuti amene apatsidwa nikotini asanakhwime amakula ndi vuto lotchera khutu ndi kudziletsa, ndipo amakopeka msanga ndi mankhwala ena ozunguza bongo. Pa anthu sizitheka kuyesa chonchi, koma kafukufuku wambiri wasonyeza kuti achinyamata okoka vape amadandaula za nkhawa, kukhumudwa ndi kusowa tulo kuposa anzawo. Akatswiri akukambiranabe kuti chimayambitsa chinzake n'chiti, poti ana ena amayamba vape ali kale ndi nkhawa.

Pali chinthu china chimene anthu sachilabadira kwenikweni. Ndudu imatha. Pakapita mphindi zisanu yapsa yonse, ndipo kuti munthu asute ina ayenera kutuluka panja, kubisala, kenako kutafuna chinachake kuti fungo lichoke. Vape ilibe pothera. Pa zina pamalembedwa kuti mukhoza kukoka maulendo 5,000 kapena 10,000. Mwana amakoka ali m'bulangete ku hositelo, amakoka kuchimbudzi pakati pa maphunziro, amakoka ali m'kalasi momwemo n'kuuzira chifungacho m'dzanja la juzi. Sawerenga, chifukwa palibe chowerenga. Ubongo wake umakhala ukusambira mu nikotini kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Umboni wa pafupi ndi kwathu unachokera ku University of Cape Town mu 2024. Gulu la Pulofesa Richard van Zyl-Smit linafunsa ophunzira oposa 25,000 m'sukulu za sekondale 52 za ku South Africa, zonse zolipira fizi. Pafupifupi 17 pa 100 alionse ankakoka vape, pamene osuta ndudu anali ochepa kwambiri, ndipo m'kalasi lomaliza chiwerengerocho chinayandikira 30. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti pafupifupi theka la okokawo ankayamba ola limodzi lisanathe atangodzuka. Madokotala amagwiritsa ntchito funso loti munthu akadzuka pamatha nthawi yaitali bwanji asanakoke poyeza kukula kwa chibaba, chifukwa munthu wongosewera ndi anzake safunafuna vape asanasukusule. Ambiri ananena kuti anayamba potsatira anzawo, koma ena ochuluka ndithu anati akupitiriza kuti mtima ukhale m'malo. Apa ndi pamene pali msampha: nkhawa imene vape imachotsa kawirikawiri imakhala ya chibaba chimene vape yomweyo yabweretsa. M'sukulu za ku Joni ndi ku Cape Town muli ana a Amalawi ambiri, ndipo mabasi amapita ndi kubwera tsiku lililonse.

Mphamvu ya nikotini si nkhani yachilendo kwa munthu amene anakulira ku Kasungu, ku Mchinji kapena ku Dowa. Amene anathyolapo fodya m'mamawa mame asanaume akudziwa chizungulire, mseru, mutu ndi kusanza kumene kumabwera masana. Ameneyo ndi nikotini amene wasungunuka m'mame n'kulowa pakhungu. Mu 2009 bungwe la Plan International linanena kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi amatha kulowetsa m'thupi mamiligalamu 54 a nikotini pa tsiku, ofanana ndi kusuta ndudu 50. Mwana wa m'tauni amene wakoka vape mopitiriza mpaka thukuta, kunjenjemera ndi kusanza akudwala matenda omwewo, kungoti iye wachita kuwagula. Tawerengani nokha: vape ya mamililita 10 yolembedwa kuti 5% ili ndi mamiligalamu 500 a nikotini. Si onse amene amalowa m'magazi munthu akamakoka, koma madzi otere akawapeza mwana wamng'ono n'kumwa ndi poizoni weniweni. Mu December 2014, m'chigawo cha New York, mwana wa chaka chimodzi anamwalira atamwa madzi a vape.

Zimene zimafika m'mapapo

Ogulitsa amakonda kunena kuti propylene glycol, glycerine ndi zonunkhiritsazo zimapezekanso m'zakudya. N'zoona. Koma chakudya chimapita m'mimba, kumene kuli asidi ndi chiwindi zoti zithane nacho. Mapapo analengedwera mpweya basi, ndipo khungu la timatumba take ndi lopyapyala kwambiri kuti mpweya uzidutsa kulowa m'magazi. Komanso mankhwalawa akaphikidwa pa kawaya kotentha amasintha. Ena amasanduka formaldehyde, amene amadziwika kuti amayambitsa khansa, ndi acrolein, amene amapsereza njira za mpweya. Amachuluka makamaka madzi akamatha, thonje likayamba kuuma, pamene wokokayo amamva kakomedwe kopserera koma n'kumakokabe poti ndalama yogulira ina palibe.

Kawayako nakonso kamasiya zitsulo. Mu 2023, wailesi ya BBC inatumiza ku labotale ya ku Liverpool mavape 18 amene analandidwa kwa ophunzira pa sukulu ina ya sekondale ku Kidderminster, ku England. Ena anapezeka ndi mtovu wochuluka kuposa kawiri mlingo wovomerezeka, ndi nickel woposa ka 9. Mtovu ulibe mlingo wabwino pa ubongo wa mwana, ndipo ukalowa m'thupi umakhala m'mafupa zaka zambiri.

Pa intaneti mumveka kwambiri za matenda otchedwa popcorn lung. Anadziwika mu 2000 pa fakitale ina ya mbuliwuli ku Missouri, ku America, kumene antchito anawonongeka timipaipi ting'onoting'ono ta m'mapapo chifukwa chopuma diacetyl, mankhwala opatsa fungo la batala. Mu 2015 ofufuza a ku Harvard anapeza diacetyl m'mitundu 39 mwa 51 ya madzi a vape imene anayeza, ndipo Britain inamuletsa mu 2016. Komabe palibe wodwala amene zinatsimikizika kuti anadwala matenda amenewa chifukwa cha vape. Kholo limene likuopseza mwana ndi nkhani imeneyi lidziwe kuti mwanayo ali ndi foni, afufuza, ndipo akapeza kuti mwakokomeza sadzakhulupiriranso zoona zimene munene pambuyo pake.

Zimene zinachitika mu 2019 ndiye sizofuna kukokomeza. Pakati pa chaka chimenecho zipatala za ku Wisconsin ndi ku Illinois, ku America, zinayamba kulandira achinyamata amene masiku ochepa m'mbuyomo anali bwinobwino, akubanika, akutentha thupi, akusanza, mapapo atayera pa X-ray ngati a chibayo koma mankhwala a chibayo osagwira. Matendawa anawatcha EVALI. Pofika mu February 2020, anthu 2,807 anali atagonekedwa m'chipatala ndipo 68 anali atamwalira. Ku Detroit, mnyamata wina anachita kumuika mapapo ena onse awiri. Bungwe la boma la America loona za matenda la CDC linapeza kuti choyambitsa chachikulu chinali vitamin E acetate, mafuta onanda amene ogulitsa mwachinyengo ankasungunulira madzi a chamba a mu vape kuti achuluke. Okonda vape amati nkhaniyi sikhudza mavape a nikotini, ndipo kwakukulu akunena zoona. Koma mwana wa zaka 15 sagula m'sitolo yovomerezeka. Amagula kwa mnzake, pa WhatsApp, kapena amangolandira imene ikuzungulira pagulu. Mu 2024 ofufuza a ku University of Bath anayeza mavape pafupifupi 600 olandidwa m'sukulu 38 za ku England, ndipo imodzi mwa 6 iliyonse inali ndi Spice, chamba chopangidwa ku labotale chimene chimagwetsa munthu n'kumukomola. Ana ambiri amene anakoka ankaganiza kuti ndi chamba wamba kapena nikotini.

Mavuto a tsiku ndi tsiku ndi osachititsa mantha choncho, koma ndi amene amagwira ana ambiri: chifuwa chosatha, makhololo, kulira kwa m'chifuwa popuma, mphumu yobwerabwera, kutha mpweya msanga pa bwalo la mpira. Nikotini amathamangitsa mtima ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Pakamwa pamauma ndipo nkhama zimatupa. Kwathu kuno mapapo a mwana amakhala atasenza kale utsi wa nkhuni ndi makala kuyambira ali kumsana kwa mayi ake, ndipo chifuwa chachikulu sichinathe. Mabatire nawo amaphulika mwa apo ndi apo. Mu 2019 madokotala analemba za mnyamata wa zaka 17 wa ku Nevada amene vape inamuphulikira pakamwa n'kumuthyola chibwano ndi kumugulula mano.

Nanga zoti vape ndi yabwino kuposa ndudu?

Mfundo imeneyi ili ndi maziko. Utsi wa ndudu uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Chimene chimapha osuta kwambiri ndi phula ndi mpweya wa carbon monoxide zochokera pa kuyaka kwa tsamba, ndipo vape ilibe zimenezi. Mu 2015 bungwe la Public Health England linanena kuti kuopsa kwa vape n'kochepa ndi 95 peresenti poyerekeza ndi ndudu. Nambala imeneyi inachokera pa kuganizira kwa kagulu ka akatswiri osati pa kuyeza odwala, ndipo magazini ya zachipatala ya The Lancet inaidzudzula, koma ndi ochepa amene amatsutsa kuti bambo wa zaka 50 amene wakhala akusuta paketi pa tsiku akasinthiratu n'kupita ku vape wachepetsa poizoni wolowa m'thupi mwake. Ofufuza a Cochrane, gulu lounika kafukufuku wa zaumoyo, anapezanso kuti vape imathandiza akuluakulu kusiya ndudu kuposa zigamba za nikotini zomata pakhungu. Dokotala wamkulu wa boma ku England, Chris Whitty, anaika nkhaniyi mwachidule mu 2023: wosuta ndudu vape ndi yabwinoko kwa iye, wosasuta asaiyambe.

Mtsikana wa Fomu 2 amene sanagwirepo ndudu alibe chimene akuchepetsa. Iye akuchoka pa mpweya wabwino kupita pa nikotini wamphamvu. Ndipo za zaka 30 kapena 40 zikubwerazo palibe dokotala angamulonjeze kanthu, chifukwa vape yangokhala pa msika zaka pafupifupi 20, ndipo ana anayamba kuikoka mwaunyinji chaposachedwapa. Ndudu zinafala kwambiri nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, koma umboni wamphamvu woti zimayambitsa khansa ya m'mapapo unabwera mu 1950, pa kafukufuku wa Richard Doll ndi Austin Bradford Hill.

Mu 2018 bungwe la National Academies of Sciences la ku America linanena kuti pali umboni wokwanira woti wachinyamata wokoka vape amakhala pa chiopsezo chachikulu choyesa ndudu. Ena amayankha kuti mwana wokonda kuyesa zinthu akanayesa ndudu ngakhale vape kukanapanda, ndipo amaloza kuti ku America kusuta ndudu pakati pa ana kwatsika kwambiri m'zaka zomwezi. Mkangano umenewo ndi wa mayiko kumene ndudu ndi zodula ndipo sizigulitsidwa imodziimodzi. Kuno masamu ake ndi ena. Vape ndi yodula, ndudu imapezeka imodziimodzi pa okala iliyonse ndi pa benchi la mavenda. Mnyamata amene wazolowera nikotini wamphamvu, ndalama ya m'thumba ikatha pakati pa teremu chibaba sichidikira kuti makolo atumize ina. Ndikuopa kuti kwa ana athu njira yochoka pa vape kupita pa ndudu ndi yaifupi kuposa ya ana a ku London.

Maboma ayamba kutseka zitseko, aliyense mwa njira yake. India inaletsa vape kotheratu mu 2019. Ku Australia, kuyambira mu July 2024, imagulitsidwa m'mafamase okha. Britain inaletsa mavape otaya akatha kuyambira pa 1 June 2025. South Africa inaika msonkho wa R2.90 pa mililita iliyonse mu 2023. Malawi, dziko limene ndalama zakunja zambiri limazipeza pa fodya, inalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023, patapita zaka 20 chikhazikitsireni panganolo.

Kunyumba, zizindikiro zake ndi zazing'ono: kafungo ka zipatso m'chipinda mopanda zipatso, ludzu losatha, kupitapita kuchimbudzi, ndalama zosoweka, mwana amene amakwiya popanda chifukwa pa ulendo wautali wa pa basi kapena m'tchalitchi, kenako n'kukhala bwino akangotuluka panja mphindi ziwiri. Kulanda vape ndi kumukalipira kumachotsa kachipangizoko koma chibaba chimatsala, ndipo mwana wotero amangopeza ina. Funso lothandiza ndi lomwe lija la madokotala: ukadzuka, pamatha nthawi yaitali bwanji usanakoke? Amene akuyankha kuti mphindi zochepa akufunika thandizo la kuchipatala. Mu 2025, madokotala a ku Boston anayesa mankhwala a varenicline pa achinyamata a zaka 16 mpaka 25 ofuna kusiya vape, ndipo pafupifupi theka anasiya, pamene mwa amene anapatsidwa mapilisi opanda mankhwala anasiya anali 14 pa 100 alionse. Mankhwala otere ndi olembedwa ndi dokotala, osati ogula pa msika.

Wosiya amavutika kwambiri masiku atatu oyambirira: mutu, kusowa tulo, njala, ukali, kuwerenga tsamba limodzi kangapo osamva kanthu. N'chifukwa chake sabata ya mayeso si nthawi yabwino yoyambira, ndipo holide imathandiza poti anzake okoka nawo amakhala kutali. Pofika sabata yachitatu kapena yachinayi zambiri mwa izi zimakhala zitachepa. Chilakolako chokha chimatha kubwereranso patapita miyezi, makamaka sukulu ikatsegulidwa, pamene wakumananso ndi gulu lomwe lija kuseri kwa hositelo.